Zimene ndaphunzira pa kusefa makalata pa seva ya imelo

Pa maphunziro anga a kasamalidwe ka maseva, gawo limene landiganizitsa kwambiri ndi la kutchinga makalata osafunika ndi mavairasi pa seva ya imelo ya bizinesi yaing'ono. Gwero la vutoli ndi lakale. Njira ya SMTP, yomwe maseva amatumizirana nayo imelo, imene Jon Postel anailongosola mu 1982, inapangidwa anthu a pa netiweki akadali ochepa ndiponso okhulupirirana, choncho siikakamiza wotumiza kutsimikizira kuti iye ndi ndani. Zonse zimene timachita lero ndi zigamba zosokerera pa chovala chomwecho.

Masefa amaikidwa motsatizana, kuyambira amene salemetsa makina. Seva yachilendo ikangolumikiza pa port 25, khomo lolandirira imelo, pulogalamu yoyendetsa seva ya imelo ngati Postfix imafunsa kudzera mu DNS, njira yofufuzira mayina ndi maadiresi pa intaneti, ngati adiresi ya seva yachilendoyo ili pa mndandanda wa Spamhaus wa maadiresi odziwika ndi kumwaza makalata osafunika, ndipo ikapezekapo, zokambirana zimathera pomwepo kalata isanalowe. Pali greylisting, imene imayankha mlendo ndi nambala ya m'gulu la 400, kutanthauza kuti abwerenso nthawi ina. Seva yeniyeni imabwereranso, pamene mapulogalamu ambiri omwaza makalata sabwerera, ngakhale kuti njirayi imachedwetsa kalata yoyamba, zomwe zimapweteka munthu amene akudikira nambala yolowera mu akaunti yake. SPF, DKIM ndi DMARC nazo zimathandiza, koma zimangotsimikizira kuti kalata yachokeradi ku dzina la pa intaneti limene yanena (mbali ya adiresi ya imelo yotsatira @). Wakuba wanzeru amagula dzina lakelake n'kulikonza bwinobwino.

Zikadutsa pamenepo, m'pamene kalata imawerengedwa. SpamAssassin imapereka mapointi pa chizindikiro chilichonse chokayikitsa, ndipo ngati woyang'anira sanasinthe, kalata yofika pa 5.0 imatchedwa yosafunika. Sefa yake ya Bayes, imene imaphunzira kusiyanitsa makalata poona mawu ake, siyamba kugwira ntchito isanaphunzire makalata 200 abwino ndi 200 oipa, ndipo apa bizinesi yaing'ono ili ndi mwayi, chifukwa makalata ake amafanana: mainivoisi, maoda, mayina omweomwewo a katundu. Sikana ya mavairasi ya ClamAV imayang'ana mafayilo omatidwa ku kalata, koma imadziwa bwino mavairasi okhawo amene zizindikiro zake zafika kale kudzera mu freshclam, pulogalamu yake yobweretsa zizindikiro zatsopano, ndipo fayilo ya zip yotsekedwa ndi mawu achinsinsi singaione m'kati. N'chifukwa chake ndikuona kuti kukaniratu mafayilo a .exe ndi .js, amene ndi mapulogalamu otha kuyamba kugwira ntchito munthu akawatsegula, kuli ndi phindu loposa kudalira sikana yokha. Poyesa ngati zonsezi zikugwira, sipafunika vairasi yeniyeni, popeza pali fayilo yosaopsa ya EICAR yoyesera sikana ya mavairasi ndi mawu a GTUBE oyesera sefa ya makalata osafunika.

Funso lalikulu, m'kuona kwanga, si kuchuluka kwa zinyalala zimene zagwidwa, koma chimene chimachitikira kalata yabwino imene sefa yaiweruza molakwa. Ngati seva yakana kalatayo zokambirana zili m'kati, mu log, kaundula wa zochitika pa seva, mumatsala mzere wonga uwu: "554 5.7.1 Service unavailable. Client host blocked using zen.spamhaus.org". Wotumizayo amalandira uthenga wakuti kalata yake sinafike, ndipo kasitomala weniweni amaimba foni kapena kutumiza mwa njira ina. Koma ngati seva yalandira kalata, n'kuitaya mwakachetechete pambuyo pake, wotumiza amakhulupirira kuti yafika, wolandira sadziwa kuti inatumizidwa, ndipo oda imazimirira popanda wodandaula. Njira yachitatu ndi yoipa koposa: kulandira kalata kenako n'kuibweza. Popeza adiresi ya wotumiza nthawi zambiri imakhala yonamizira, uthenga wobwezawo umakagwera munthu wosalakwa, ndipo seva yathu yomwe imayamba kuoneka ngati yomwaza zinyalala.

Choncho zoonekeratu kuti n'zoipa zikanidwe pakhomo, pamene zokayikitsa ziikidwe mu foda yapadera. Komabe foda imeneyi ili ndi ntchito pokhapokha pali munthu amene amaitsegula, ndipo mu ofesi ya anthu ochepa, mmene aliyense ali ndi ntchito zitatu, munthu ameneyo ayenera kutchulidwa dzina.

Mbali imene mabuku ambiri amaidutsa mofulumira ndi ya makalata otuluka. Wogwira ntchito mmodzi akangolemba mawu ake achinsinsi pa tsamba lonamizira, akuba amalowa ngati iye n'kutumiza makalata masauzande usiku umodzi, ndipo makalatawo amadutsa SPF ndi DKIM popanda vuto chifukwa achokeradi ku seva yoyenera. Kukamacha, adiresi ya kampani imakhala ili pa mndandanda womwe uja umene timatchingira ena, ndipo mainivoisi enieni ayamba kubwezedwa. Kuika malire a makalata amene akaunti imodzi ingatumize pa ola, ndi kusefa otuluka mofanana ndi olowa, ndi ntchito imene ndikuyeserera panopa pa seva yophunzirira.