Lachitatu lapitali ku Chinamwali mtima wandiwawa

Anzanga maparaligo, ife othandiza anthu pa nkhani za malamulo ngakhale si ife maloya, sabata ino ndaweruka mtima usali m'malo. Lolemba ndi Lachiwiri kuno ku Zomba zinali zomwe zija, alendi awiri a ku Matawale owatsekera zitseko malandilodi, mkangano wa malire ku Sadzi, ndi bambo wina amene anasiya pepala la puloti kwa wakatapila. Izo tizisiye.

Lachitatu isanakwane 6 koloko foni inalira, akuti masherifu, otumidwa ndi khothi kudzatulutsa anthu m'nyumba, afika ndi lole ndi apolisi awiri pakhomo pa mayi wamasiye ku Chinamwali. Nkhani yawo ndimaidziwa bwino. Malemu amuna awo anatenga ngongole ku banki mu 2022 yoodera simenti ndi malata a mu shopu yawo, chikole nkukhala nyumba. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mpamba unathera pomwepo, chiwongola dzanja chikungokwera, bambowo nkudwala mpaka kutisiya. Banki inagulitsa nyumba. Mukudziwa kuti lamulo la malo la Registered Land Act limafuna chidziwitso cholembedwa ndi miyezi 3 yodikira asanagulitse, koma makalata onse amapita ku bokosi la ku positi la munthu woti anaikidwa kale m'manda, mayiwa sanaonepo ndi limodzi lomwe. Poyambira pathu panali pamenepo.

Ndiye chondipsetsa mtima ndi ichi, fayilo imeneyi ndinaimaliza ndekha masabata atatu apitawo ndipo inangokhala pa tebulo la abwana kudikira siginecha kuti ipite kwa loya. Ndikafunsa amati ndalama yolipira kukhothi palibe, ya mafuta palibe, koma sabata yomweyo anthu asanu anapita ku wekishopu kunyanja maalawansi ali m'thumba. Tsiku limenelinso galimoto inalibe mafuta, ndinakwera kabaza ndi ndalama yanga.

Ndinapeza matilesi, mbaula, ndowa ndi chithunzi cha ukwati chosweka galasi zili kale pabwalo. Koma pakhonde panali patadzaza. Azimayi a banki mkhonde, omwe aja takhala tikukumana nawo Loweruka pansi pa mtengo wa mango, anali atayala zitenje nkukhala pansi kuyambira pachitseko mpaka pampopi, akuimba nyimbo za kumpingo chapansipansi. Zomwe tinagwirizana anazisunga, osagwira munthu, osatukwana. Anyamata ena atayamba kutola miyala amfumu anangowaloza ndi ndodo, miyala nkugwa pansi. Mabanja atatu ochita lendi kuseri nawonso anakhala nawo, chifukwa nyumba ikapita iwonso akagona kuti?

Mkulu wa masherifu sanali munthu wankhanza ayi. Anavula chipewa nkunena kuti "Amayi, ifenso tangotumidwa." Mayiwo ali ndi kamdzukulu kumbuyo anayankha kuti "Mwana wanga, ndiuze kokagona ana awa, ndinyamuka ndekha." Ine pakhosi panandiuma. Ndinamuonetsa mapepala, ndinamupempha, anavomera kudikira mpaka 3 koloko basi.

Ndalama imene ofesi yonse inalephera kupeza masabata atatu inapezeka m'mbale ya pulasitiki pasanathe maola awiri. Ma K500 onunkha usipa, ma K1,000 ochokera pamfundo ya chitenje, ena kutumiza pa Airtel Money ali kumsika. Loya amene amatithandiza mwaulere anathamangira ku High Court mtauni, ine foni ili kukhutu batire likutha, lole yaima pomwepo dalaivala akungoyang'ana wotchi. Chiletso cha khothi choimitsa masherifuwo chinatuluka itangodutsa 2 koloko. Nthungululu zake zinamveka mpaka kumsewu wa ku Liwonde, katundu anabwezedwa m'nyumba ndi anyamata omwe aja a miyala.

Sitinawine mlandu, ndi chiletso cha masiku ochepa chabe, ndipo wogulayo naye anataya ndalama zake, si mdani wathu. Komiti ya azimayi yakonza zokamuona pamodzi ndi amfumu ndi abusa, kukamupempha kuti mayiwa azikhalabe akulipira lendi mpaka khothi ligamule.

Lachinayi abwana anandiitana kuti ndiwatumizire zithunzi aike mu lipoti la mabungwe otipatsa thandizo la ndalama. Ndinawauza maso ndi maso kuti zithunzizo akapemphe kwa eni ake ku Chinamwali, ndipo akawauzenso kumene fayilo inali masabata atatu. Sanayankhe.

Lachisanu pabenchi pathu panali mabanja atatu atsopano, awiri a ku Chikanda lina la ku Mpondabwino, onse ndi makalata a ku banki m'majumbo, amva za ku Chinamwali. Mafayilo awo ndalemba usiku kunyumba. Lolemba 8 koloko ndili pakhomo pa ofesi ya abwana ndipo sindichokapo asanasaine onse atatu.