Rhyme imayambira potsindika, osati pa malembo omaliza

Mtima wakhala pansi tsopano pa nkhani yopezera mawu aatali a Chingerezi rhyme, kutanthauza mawu ena omveka mofanana nawo kumapeto. Chovuta pa mawu aatali a Chingerezi si kutalika kwake ayi, ndi maso athu omwe amathamangira malembo akumapeto. Rhyme imayambira pa liwu la phatikizo lomaliza lotsindikidwa, ndipo zonse zotsatira pamenepo ziyenera kumveka chimodzimodzi.

Tengani "opportunity". Kutsindika kuli pa "tu", phatikizo lachitatu mukawerenga chobwerera, ndiye anzake ndi "community", "immunity" ndi "unity". "City" sakwana ngakhale naye amathera "ity". "Celebration" amatsindikidwa pa "bra", choncho "nation" ndi "station" alowa bwinobwino. "Understand", kutalika konseko, amatsindikidwa kumapeto ndipo "hand" yekha akwanira. Chenjerani ndi "photograph" ndi "photography": kutsindika kwasamuka, wachiwiriyo ndi mnzake wa "geography".

Ife olankhula Chichewa tili ndi msampha wathu. Lilime linazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye "community" amatuluka ngati "komyuniiti", khutu n'kutinamiza kuti akugwirizana ndi "pretty".

Pofufuza potsindika, kwa ine palibe choposa CMU Pronouncing Dictionary, dikishonale ya katchulidwe ka mawu ya ku Carnegie Mellon University. Lembo la liwu lililonse lili ndi nambala: 1 potsindika kwambiri, 2 pang'ono, 0 posatsindika. "Opportunity" amalembedwa AA2 P ER0 T UW1 N AH0 T IY0. Pezani 1, tayani zonse zobwera musanafike pa liwu limenelo, chotsalacho ndicho mukusaka. Dziwani chabe kuti katchulidwe kake n'ka ku America. Mawu amodzi akasowa, lumikizani angapo aafupi: "continue" ndi "within you", kapena "unity" ndi "you and me", yomwe siyofanana ndendende koma mawu a liwu akutsatana bwino.

Chimandipweteka n'chakuti aphunzitsi ambiri amathera pa "cat" ndi "hat". Za kutsindika amaphunzitsa pa nthawi ya katchulidwe, za rhyme pa ndakatulo, ngati si nkhani imodzi. Nthawi yomwe imatayika pofufuta mizere!

Pomwe mutu sunakhazikike ndi pa mawu ngati "memory". Amatsindikidwa pa "me", komabe oimba amawaphatikiza ndi "free" pokoka noti yomaliza, ndipo pa nyimbo yodekha zimakoma. Pa rap yothamanga zimamveka zokakamiza. Kaya lamulo lija limagonjera nyimbo, kaya ndi khutu langa lomwe likulekerera.