Lane Johnson ndi ntchito yokankha anthu

Mpira waku America anthu ambiri kuno ku Mulanje amati ndi ndewu chabe, ndipo sindiwatsutsa kwambiri, ukangoyamba kuonera umangoona zimphona zitavala mahelemeti zikugundana, oyimbira waimitsa, malonda pa TV, kenako ayambiranso. Koma ukauzolowera pali anthu asanu amene maso ako amayamba kuwatsata, aja amawerama kutsogolo kwa quarterback, woponya mpira. Wapakati ndi center, ndi amene amapatsira mpira chakumbuyo kudzera pakati pa miyendo yake kuti sewero liyambe, mbali zake kuli ma guard awiri ndipo kumapeto ma tackle awiri. Ndiye offensive line imeneyo. Ntchito yawo ndi kutchinga kuti quarterback asagwetsedwe komanso kukankha adani kuti wothamanga ndi mpira apeze mpata. Ambiri amalemera makilo opitilira 135. Dzina lawo umalimva akalakwitsa, akagwira jezi ya mdani timu yonse imabwezedwa mayadi 10, akasuntha mpira usanayambe mayadi 5. Zili ngati anyamata onyamula katundu ku Likhubula, alendo akafika pa Sapitwa amajambulitsa okha koma chikwama sanasenze ndi iwo.

Amene ine ndimamutsata ndi Lane Johnson wa Philadelphia Eagles, chifukwa njira yake ndi yokhotakhota zedi. Ku sekondale, m'katauni kakang'ono kotchedwa Groveton ku Texas, mkuluyu anali quarterback, woponya mpira, amene anthu amamuimbira m'manja. Kumeneko mpira umayambira kusukulu, Lachisanu usiku ndi la masekondale, Loweruka makoleji, Lamulungu ndiye NFL, ligi yaikulu ya kumeneko, ndipo makochi a mayunivesite amayendayenda kusaka ana oti awapatse sikolashipu. Lane mayunivesite akuluakulu sanamuthamangire ayi. Mu 2008 anapita ku Kilgore College, kakoleji ka zaka ziwiri, akuseweranso ngati quarterback, ndipo chaka chotsatira anasamukira ku University of Oklahoma.

Apa nde pamene nkhani imakoma. Ku Oklahoma anamuyesa ngati tight end, amene amatchinga komanso kuwakha mpira, kenako anamusamutsira ku difensi, ndipo mu 2011 anamuuza kuti aise iwe tiyeko ku tackle. Tangoganizani sitiraika wa Bullets kapena Wanderers kumuuza kuti kuyambira lero sudzamenyanso mpira kugolo, uzidya kwambiri unenepe, ntchito yako ikhale yoima panjira ya anthu. Ambiri akanakwiya n'kunyamula zikwama. Iye anadya, ananyamula zitsulo ku jimu, thupi linadzadza koma miyendo inakhalabe yopepuka ngati kale, ndipo chimenecho ndi chimene chinamugulitsa. Paja tackle amalimbana ndi anyamata othamanga kwambiri a difensi, iye akubwerera chambuyo, manja patsogolo, mawondo atapinda, ndipo akachedwa phazi limodzi lokha quarterback wake ali pansi.

Lamulo la NFL limati munthu ayenera kutha zaka zitatu chichokereni ku sekondale asanalowe mu draft, pomwe matimu chaka chilichonse amasinthana kusankha osewera atsopano. Draft isanafike, amene akuoneka kuti ali bho amaitanidwa ku Combine ku Indianapolis komwe amawayeza chilichonse, msinkhu, kutalika kwa mikono, kukula kwa chikhatho, kangati angakankhe chitsulo cha makilo 102 atagona chagada, ndi liwiro pa mayadi 40. Lane, munthu wa pafupifupi mamita awiri, anathamanga mayadi 40 amenewo m'masekondi 4.72. Matimu anatsegula maso. Pa draft ya 2013 anatengedwa nambala 4 ndi Eagles, ndipo mwa anayi oyambirira chaka chimenecho atatu anali ma tackle, Eric Fisher, Luke Joeckel ndi iyeyo. Anthu osatchukawa matimu amadziwa mtengo wawo, quarterback ndi amene amadya ndalama zambiri nde womulondera sangakhale wotchipa.

Matimu alipo 32, draft ili ndi maraundi 7, amatengedwa anthu 250 ndi kanthu pachaka pomwe osewera m'makoleji ndi masauzande, ndipo ngakhale utengedwe uyenerabe kumenyera malo pa anthu 53 a timu. Jason Kelce, amene anali center pa line imodzi ndi Lane kwa zaka zambiri, analowa timu ya University of Cincinnati opanda sikolashipu ndipo naye sanayambire pa line, mu 2011 anatengedwa mu raundi 6 anthu akuti ndi wochepa thupi, koma anasewera masizoni 13 mpaka anapuma mu 2024. Jordan Mailata ndiye zake ndi zina, anakulira ku Australia akusewera rugby league, anatengedwa mu raundi yomaliza mu 2018 asanasewerepo gemu ya mpira umenewu olo imodzi. Onsewa anadutsa m'manja mwa kochi mmodzi, Jeff Stoutland, amene anafika ku Eagles mu 2013. Ine ndimati lineman sabadwa, amachita kumupanga, bola pakhale munthu woona thupi la mwana n'kudziwa pomuika.

Kuno mwana wonenepa ku pulayimale timamutani? Timamuika pagolo ngati mpira ndi wake, apo ayi azisunga majuzi a anzake kunja kwa gulaundi uku akumupatsa maina oseketsa. Tili ndi anyamata a mphamvu zoopsa m'maesiteti a tiyi umu, ena amakweza njinga yodzadza mananazi pachitunda osapumira, koma masewero athu amangodziwa woonda wothamanga basi.

Sindikuti Lane ndi mngelo. Mu 2014 anamuimitsa magemu 4 ndipo mu 2016 magemu 10 chifukwa cha mankhwala oletsedwa, zimenezo sizifufutika. Ntchitoyonso imadya thupi, akakolo, mawondo, mapewa, ndi kugundana mitu sewero lililonse komwe madokotala amati kumatha kuwononga ubongo pakapita zaka. Mu 2021 anasowa magemu atatu kenako ananena poyera kuti akuvutika ndi nkhawa komanso matenda a maganizo, chimphona cha makilo oposa 140 kuvomereza zimenezo pagulu, amuna ambiri kuno sitingayerekeze.

Super Bowl, fainolo ya NFL, watenga kawiri, mu February 2018 pomwe anagonjetsa New England Patriots 41-33, ndi mu February 2025 pomwe anaswa Kansas City Chiefs 40-22, iye kumanja Mailata kumanzere. Fainolo imeneyi kuno imayamba cha m'ma 1:30 usiku kucha kwa Lolemba, nde umaonera utafunda bulangete voliyumu ili pansipansi kuopa kudzutsa ana, uku ukupemphera kuti magetsi asathime.

Majezi a ma lineman amakhala a manambala 50 mpaka 79 ndipo saloledwa kuwakha mpira woponyedwa kutsogolo pokhapokha atakauza kaye oyimbira. Mu December 2021, pa gemu ndi New York Giants, Lane anakauza oyimbira, a Giants sanamulabadire poganiza kuti angotchinga ngati masiku onse, iye anazemba n'kukaima yekhayekha, quarterback wake Jalen Hurts anamuponyera ndipo anawakha touchdown, chigoli cha mpira umenewu, yake yoyamba mu NFL, sizoni yake yachisanu ndi chinayi.