Bezi yalira dzulo, zikomo nonse

Ndafika pakhomo cha m'ma 3 m'bandakucha, tulo sindinatione, dzanja likuphwanya, koma ndisanachite kalikonse ndithokoze kaye. Dzulo ndaimba gitala wa bezi pagulu koyamba patapita miyezi 14. Nyimbo 9, ndaphonya pawiri, koma ndamaliza. Ambuye, ulemu ndi wanu.

Za ngozi ya kabaza ija mukuzidziwa, sindibwereza. Mitsempha ya zala ziwiri zakumanzere inaduka, chakaniye ndi chinzake choyandikana nacho, ndipo mpaka lero sizipindika bwino. Kwa woimba bezi dzanja limenelo ndiye khasu. Amplifaya ndinagulitsa kuti tilipire lendi. Mayi a kunyumba, munandimanga mabatani a malaya miyezi itatu osadandaula, zikomo. A mafizo ku chipatala, azimayi a mvano amene munabwera ndi ufa, mlamu wanga, Mulungu akubwezereni.

Koma Madala. Sindikudziwa ndiyambire pati.

Ambiri mumangowaona ngati gogo wokonza mawailesi. Munthu ameneyu anaimba bezi m'mabala a ku Kitwe m'ma 1970, nthawi ya Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, pomwe mabandi a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ankagwedeza Zambia, a Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pawailesi zikhale za m'dzikomo. Mtengo wa kopa utagwa, madansi ausiku atafa ndi kefyu, anabwerera kuno kumudzi. Anzawo ambiri a nthawi imeneyo anapita ndi Edzi. Sakonda kuzikamba, ine anandiuza tili awiri pakhonde.

Lachiwiri lililonse ankakwera minibasi kuchokera ku Area 25 kubwera ku Kawale, ndalama yawo. Tsiku lina nditawauza kuti za nyimbo ndasiya, anandifotokozera za Tony Iommi, woimba gitala wa bandi ya Black Sabbath, amene makina a mufakitale ku Birmingham anamudula nsonga za zala ziwiri ali ndi zaka 17, iye n'kuika nsambo zopepuka n'kupitiriza. Ndinawayankha mwamwano, ndikuvomera, kuti uja ndi wa gitala wamba, nsambo za bezi n'zonenepa. Anangokhala chete.

Sabata yotsatira anatulukira ndi bezi yawo yakale atakulunga m'chitenje. Ndi yaifupi, ya mainchesi 30, pomwe yanga ndi ya 34, ndiye mipata yake ili pafupipafupi, zala sizitambasuka kwambiri. Nsambo zinali zakuda ndi thukuta la zaka. Anapempha mpoto kwa mayi a kunyumba, n'kuziwiritsa pambaula, n'kuziyanika pa chingwe cha zovala. Akuti ku Kitwe ankatero zatsopano zikasowa m'sitolo. Atazimanga, nsambo yonenepa kwambiri ya E inalira mpaka mawindo kunjenjemera. Ndinalira ndine.

Kuyambira pamenepo anandiphunzitsanso ngati mwana, zala ziwiri zokha, chamkombaphala ndi chapakati, dzanja lonse likuyenda pakhosi pa gitala. Manotsi okongoletsa onse anandichotsera. Amati ndimvere phazi la woimba ng'oma basi, anthu avina. Ndikatopa ankadikira, ndikakwiya ankadikiranso.

Amene tinkagawana ndalama ya geti zaka zonse zija, munapeza woimba bezi wina ndisanachotse n'komwe pulasitala. Ntchito siidikira, ndikumvetsa. Koma foni yanga sinasinthe nambala. Ndakuonani dzulo kumbuyo kuja mukuombera m'manja, ndipo ndilibe nanu chifukwa.

Anyamata a bandi yatsopanoyi, zikomo pochepetsa liwiro pa nyimbo yachitatu osandiyang'ana n'komwe.

Madala, dzulo munakhala pafupi ndi sipika ngakhale makutu anu akuvuta kale, ndipo ndinaona phazi lanu likugunda pansi. Mwakana kulandira bezi yanu, mwati ikhale kwa ine. Ndilibe chokubwezerani, bambo anga. Mulungu akupatseni masiku, akuchizeni mawondo amenewo. Lachiwiri likubwerali musakwere minibasi, ndibwera ndine ku 25.