Mmene ndinayezera cholandirira ayironi m'magazi a amayi a ku Angónia

Amayi apakati 40 a ku Ulónguè anapezeka ndi hemoglobini, puloteni yofiiritsa magazi, yosafika 11. Onse ankangouzidwa kuti magazi achepa, koma ife tinkafuna kudziwa kuti mwa iwowa ndani akusowadi ayironi. Ferritin, puloteni yosunga ayironi m'thupi yomwe timayeza kawirikawiri, imanamiza kwathu kuno: thupi likamalimbana ndi malungo kapena matenda ena imakwera, munthu n'kumaoneka ngati nkhokwe yake ndi yodzadza pomwe ili mbee. Aphunzitsi anga anati tiyeze cholandirira cha transferrin, ndipo ntchito yofufuza antibodi yake, puloteni yomwe imachigwira kuti chioneke poyeza, anandisiyira ine.

Ayironi sayenda yekha m'magazi. Amanyamulidwa ndi puloteni yotchedwa transferrin, awiri paulendo umodzi. Pakhungu la selo pamakhala cholandirira, dzina lake TfR1, ena amati CD71. Chikagwira transferrin, selo imameza zonse, ayironi n'kutsitsidwa m'kathumba ka asidi, ndipo transferrin imatulukanso yopanda kanthu, ngati wanjinga amene watsitsa thumba la mbatatesi pamsika wa ku Tsangano n'kubwerera kukatenga lina. Selo ikamva njala ya ayironi imachulukitsa zolandirirazi. Mbali yakunja ya zina mwa izo imaduka n'kumayandama m'magazi, ndipo chidutswa chimenechi, sTfR, ndi chomwe tinkasaka.

Apa ndi pomwe ndinatsala pang'ono kuwononga ndalama. Ndinaona kuti ofufuza ambiri amatchula antibodi ya H68.4, ndiye ndinangoilemba papepala logulira, mtima uli phee. Aphunzitsi anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Mwanawe, imeneyi imagwira mbali iti ya puloteni?"

"Sindinaone, aphunzitsi."

"Kaone kaye, kenako ubwere."

Nditawerenga ndinachita manyazi. H68.4 imagwira mchira wa cholandirira, womwe umakhala mkati mwa selo. Ndi yabwino kwambiri pa Western blot, njira yoonera mapuloteni ukaphwanya maselo, koma chidutswa cha m'magazi mchirawo chilibe, chinausiya poduka. Ndikanakhala ndikuponya mbedza m'dziwe lopanda nsomba. Ndinaphunziranso kuti pali TfR2, mbale wake wopezeka kwambiri m'chiwindi, choncho pepala la antibodi liyenera kunena kuti ndi ya TfR1 ya munthu, osati ya mbewa, komanso kuti inayesedwa pa njira imene iwe ukufuna. Tinagula kiti ya ELISA, njira yoyezera kuchuluka kwa puloteni poona kusintha kwa mtundu, yokhala ndi ma antibodi awiri, ina yogwira, ina yoonetsa, onse a mbali yakunja.

Za mapepala a kasitomu sindinenapo zambiri, kungoti phukusi linafika ayisi wake atayamba kusungunuka. Kitiyo imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo ku Tete mu Okutobala kutentha kumadutsa 40. Usiku wachiwiri magetsi anathima. Ndinathamanga nalo bokosi kwa mayi wina wogulitsa zakumwa amene ali ndi jenereta, linagona pakati pa mabotolo a Fanta. Seramu, madzi otsala magazi akaundana, tinali titaipatula kale ku Ulónguè n'kuiumitsa mufiriji, ndipo ndinabwera nayo pa chapa (minibasi), bokosi la ayisi lili pamiyendo njira yonse kudutsa Moatize.

Mbale ya ELISA ili ndi timaenje 96. Mayi aliyense timaenje tiwiri, ndiye 80, totsala 16 ndi ta miyezo yodziwika kale yofananitsira. Palibe kaenje kapadera kolakwitsira. Ndinatulutsa mankhwala onse kuti kuzizira kuchoke, ndinasakaniza seramu ndi madzi a m'kitimo monga pepala linanenera, ndinajambula mbaleyo m'kope kuti ndisasokoneze mizere. Kenako kudontheza, kudikira, kutsuka.

Kutsukako anthu amakupeputsa, koma ine ndimati ndiye ntchito yeniyeni. Makina otsukira tilibe. Umadzaza kaenje kalikonse, kukhuthula, n'kumenyetsa mbale chafufumimba pa pepala lopukutira mpaka osaonekanso dontho. Ukasiya antibodi yoonetsa itamatirira m'mbali, mbale yonse imatuluka mtundu umodzi, osadziwa wodwala ndi wabwino. Ukachedwanso, timaenje timauma, makamaka ndi mpweya wa kuno. Fani ndinazimitsa, thukuta lili kamukamu.

Nditathira TMB, mankhwala otulutsa mtundu, ndinabisa mbale m'kabati, chifukwa mankhwalawa sagwirizana ndi kuwala. Potsegula, mzere wa miyezo unali utasanduka wobiriwira ngati thambo, kuyambira wotuwa mpaka wakuda bii, mwadongosolo lake. Asidi woimitsira atagwera, zonse zinasanduka zachikasu, ndipo makina anawerenga kukula kwa chikasucho ndi kuwala kwa 450 nm.

Manambala okwera sindinathamangire kuwatcha kusowa kwa ayironi. Maselo ofiira osakhwima ndi amene ali ndi CD71 yambiri, okhwima alibe. Ndiye malungo akaphwanya magazi, m'mafupa n'kuyamba kupanga atsopano mwaphuma, sTfR imakweranso. Zotsatira za mayi aliyense ndinaziika pambali pa za malungo, ferritin ndi CRP yake, puloteni yokwera thupi likamalimbana ndi matenda, tisanagamule kanthu.

Amayi awiri anatuluka achikasu kupitirira muyezo wathu wapamwamba. Seramu yawo iyenera kuonjezeredwa madzi n'kuyezedwa kachiwiri, koma timaenje tatha. Machubu awo ali mufiriji, ndawamanga ndi labala, kudikira kiti ina.