Lachisanu la malipiro

Lero abambo akunyumba alandira kuntchito, ndiye chidzukireni mtima wanga unali m'mwamba. Sabata ino yonse sakugona. Usiku wapitawu ndinawapeza pabalaza akulemba m'kope za minibasi yoti agule iziyenda pakati pa Limbe ndi Zomba, kenako golosale, kenako khola la nkhuku. Amalankhula mothamanga moti sungaponyepo mawu. Wosawadziwa angati ndi munthu wamasomphenya, koma ine ndadziwa kuti matenda ayambanso kukwera.

Amadwala bipolar, matenda a maganizo omwe amakwera ndi kutsika. Anawapeza nayo atagonekedwa ku Zomba Mental Hospital zaka zapitazo. Ikakwera, tulo timawathawa, ndalama sizikhala m'thumba, amakwiya msanga. Ikatsika amadzitsekera kuchipinda, osasamba, osadya, n'kumati ndi mtolo chabe kwa ine ndi ana. Mowa umalowa uku ndi uku. Akakwera amamwa poganiza kuti palibe chingawagwetse, akatsika amamwa kuti aiwale. Amati mowa umawagonetsa, komatu tulo ta mowa n'tachinyengo: munthu amagona msanga n'kudzuka pakati pa usiku, ndipo kusagonako ndi komwe kumakolezera matendawa.

Mmawa ndinawanyengerera kuti tipite ku kiliniki ya matenda a maganizo ku Queens. Poyamba anakana. “Mayi a mwana, ine ndili bwino kuposa kale lonse, inu ndi amene mwatopa.” Ndinangoti, “Ndatopadi, bambo. Ndiperekezeni.” Anavala malaya.

Anesi anawafunsa za mowa mosawachititsa manyazi, ndipo iwo anaulula kuti akumwa tsiku lililonse akaweruka. Anatifotokozera kuti mankhwala a sodium valproate amene amamwa amadutsa m'chiwindi, mowanso chimodzimodzi, choncho chiwindi chikusenza katundu pawiri. Ananenanso chinthu chomwe ndikufuna aliyense wokhala ndi munthu wotere achimve: amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mowa mwadzidzidzi payekha kunyumba. Pakadutsa maola ochepa mpaka masiku atatu akhoza kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kugwa ngati wakhunyu, ndipo ena amafa nazo. Kusiyako kumafuna achipatala. Atipatsa mankhwala owonjezera oti agone, ati tibwerenso Lolemba.

Masana apongozi anaimba. Mawu awo ndi omwe aja: “Mwana wanga si wamisala. Anzake akuntchito ndi amene amulodza. Asiye mapiritsiwo, mupite naye kuphiri akamupempherere.” Ndinawayankha mwaulemu kuti, “Amayi, mapemphero sitikana, tipemphera limodzi. Koma mankhwala sasiya.” Ndikuwamvetsa, ndi mwana wawo, ndipo mawu oti misala amawawa. Chomwe sindingalole n'choti munthu amene sagona naye m'nyumba muno awauze kuti ataye mankhwala. Anthu enanso amangoti ndi chidakwa basi, ndizipita kwathu. Onsewa amaona mbali imodzi yokha.

Nkhondo yeniyeni inabwera madzulo. Nthawi ina ali bwinobwino tinagwirizana pamaso pa ankhoswe kuti khadi la kubanki lizikhala ndi ine, iwo ndiziwatumizira ya transipoti ndi nkhomaliro pa Airtel Money. Ndi iwo eni ake anapempha zimenezi. Lero analifuna khadilo mwaukali, akuti ndawasandutsa mwana m'nyumba mwawo momwe. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ulemu wawo ndimaufuna kuposa momwe akuganizira. Koma ndikudziwa komwe malipiro a mwezi wathunthu angathere. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma timabotolo ta midoli tili pa hokala iliyonse, kachasu nayenso ali kuseri kwa msika.

Sindinalimbane nawo. Ana ndinawatumiza kwa aneba, n'kuimbira alamu anga, achimwene awo. Anabwera kuchokera ku Ndirande, anakhala nawo pakhonde n'kumamvetsera za minibasi ija osawatsutsa. Atatha anangoti, “Mng'ono wanga, pulaniyo tiione bwino ukagona kaye.” Kwa iwo anamva. Anadya nsima, anamwa mankhwala. Fungo la mowa linalipo, sindikukana, koma sanatulukenso.

Mapiritsi onse ndawatsekera m'sutikesi, makiyi ndili nawo. Tameki ndi mankhwala opopera m'dimba ndinazichotsa kalekale m'nyumba muno, chifukwa kukwera kukatha kumabwera kutsika, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe ndimaopa kwambiri.

Alamu agona konkuno. Tagwirizana kuti abambo akapandanso kugona usiku uno sitidikira Lolemba, tibwerera kuchipatala mawa lomwe. Akagona, alamu atsala nawo masana, ine ndipita ndi ana kwa achemwali anga ku Chilomoni ndikapumeko.