Keke ya ukwati yaphikidwa pambaula

Sabata ya Tsiku la Anakubala, pa 15 October, aliyense wophika makeke amaidziwa. Makapukeke kutuluka m'uvuni mpaka miyendo kutupa, foni osapuma, wina akufuna a chokoleti koma ndalama yake ndi ya a vanila. Zimenezo tinathana nazo, ngakhalenso makeke a tsiku lobadwa ndi ya chinkhoswe anapita bwinobwino. Chandipsetsa mtima ndi za Lachisanu.

Tinali ndi oda ya ukwati wa Loweruka, keke yosanjikiza katatu. Yapansi, yaikulu ija, inali itangoyamba kufufuma pamene magetsi anathima. Kuthima kwa magetsi tinakuzolowera, n'chifukwa chake pamalo ophikira makeke pamakhala jenereta. Yathu inafa kalekale. Abwana ndawauza pamaso, ndawalembera pa WhatsApp, yankho ndi lomwelo: "Tiona mwezi ukatha." Koma ndalama yopentera chikwangwani chapanja inapezeka.

Mukudziwa kale kuti kutentha kwa uvuni kukatsika kuchoka pa madigiri 180 keke isanagwire pakati, basi yatha. Tinangoima pagalasi n'kumaiona ikuphwa, pakati pakulowa pansi, m'mbali mutauma kale. Mazira, batala, fulawa, shuga, zinthu zodula chonchi, zonse kudzala.

Anatipulumutsa ndi mtsikana amene akuphunzira ntchito, yemwe nthawi zambiri timangomusiyira zotsuka. Anati, "Achemwali, kwathu amayi amaphika ndi mchenga." Anabwereka mbaula ndi sefuliya yaikulu kwa amayi ogulitsa mandasi pafupi nafe, nathira mchenga wouma pansi pa sefuliyayo, kuutenthetsa kaye, kenaka kukhazika chitini pamwamba pake. Pachivundikiro anayalapo makala ochepa, ambiri m'mphepete kuti pakati pasapserere. Moto ankauyesa ndi chikhatho, akaona kuti wakula n'kupungulako makala ndi supuni. Titalasa mpeni n'kutuluka woyera, ndinamukumbatira ndi ufa womwe m'manja. Atatu onsewo tinaphika choncho, imodziimodzi.

Buttercream, kirimu wa batala ndi shuga wopaka pakeke, tinatakasa pamanja ndi mthiko, mikisa ili chete. Kutentha kwa October, firiji yosagwira, batala ankangosungunuka, mpaka tinakhazika mbale m'beseni la madzi ozizira. Fondant, phala lolimba la shuga lokutira keke, nayo imangomata zala. Magetsi anayaka usiku kwambiri, ndipo maluwa omaliza ndinaika atambala akulira.

Keke inafika kuholo ili chilili. Apaukwati anaimba foni madzulo kuti zidutswa zonse zinagulidwa pa perekaniperekani, ena mpaka kufunsa nambala yathu. Ndimanyadira ntchito imeneyo, ndipo ulemu wake ndi wa mtsikana uja.

Ndiye abwana kubwera Loweruka lomwelo, osathokoza, osafunsa kuti tinagona nthawi yanji. Mawu awo oyamba anali akuti zipangizo za keke yoonongekayo adula pamalipiro a amene anali pashifiti. Ine andidule, ndilimbana nawo. Koma mwana amene kandalama kake kamathera paminibasi, amene wapulumutsa oda yonse ndi mbiri ya malo ano, alipire jenereta imene iwo akana kukonza? Ndinawauza pamaso pa onse kuti pamalipiro a mtsikanayo pasachoke ngakhale tambala, ndiponso kuti awabwezere amayi amandasi makala awo.

Pali oda ina ya ukwati mwezi wamawa. Ndanena kuti sindiigwira mpaka makaniko abwere adzalize jeneretayo ine ndikumva.